Dzina limene limatsala munthu atachira: mmene timaonera odwala misala m'Malawi

Pafupifupi pa msika uliwonse waukulu m'Malawi muno pali munthu amene aliyense amamudziwa nkhope, koma ndi ochepa amene angatchule dzina limene makolo ake anamupatsa. Amagona pakhonde la sitolo, amavala malaya angapo mosanjikiza ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, amanyamula thumba la mapepala ndi mabotolo, ndipo nthawi zina amakangana mokweza ndi anthu amene ife sitikuwaona. Amayi ogulitsa mandasi amamupatsa limodzi m'mawa, anyamata oitanira minibasi amamuputa kuti aseke, ana amamutsatira ndi miyala, ndipo onsewa akamamunena amangoti wamisala uja wa padepoti.

Chithunzi chimenechi ndi chimene chimabwera m'mutu mwa ambiri a ife tikamva za matenda aakulu a m'maganizo, ndipo chimatisocheretsa. Munthu wa pamsika uja ndi mmodzi mwa ochepa. Odwala ambiri ali kunyumba, ena akulima, ena akuphunzitsa ana athu, ena akugulitsa mumsika womwewo, akumwa mankhwala mwakachetechete n'kumabisa buku lawo la kuchipatala pansi pa sutikesi chifukwa akudziwa chimene chingawaonekere anthu akazindikira. Komanso kugona pakhonde la sitolo si mbali ya matendawo ayi. Ndi kumene kumathera ulendo wautali umene unadzera kwa sing'anga, kumapemphero, mwinanso ku Zomba, ndipo pena paliponse pa ulendowo panali wachibale amene anatopa, ndalama imene inatha, kapena mankhwala amene sanapezeke.

Mawu akuti misala ali ngati dengu limene timaunjikamo zinthu zosiyana kwambiri. Muli matenda amene madokotala amawatcha schizophrenia, amene amachititsa munthu kumva mawu a anthu amene palibe, kukhulupirira mosagwedezeka zinthu zimene sizikuchitika, monga zoti wailesi ikunena za iye kapena kuti mayi ake akumuthirira poizoni mu ndiwo, kulankhula zosalumikizana, ndi kusiya pang'onopang'ono kusamba, kucheza ndi kugwira ntchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti matendawa amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse, ndipo tikayerekeza ndi dziko la anthu oposa 20 miliyoni ngati lathuli, ndiye kuti tikunena anthu oposa 60,000. Kawirikawiri amayamba munthu ali pakati pa unyamata ndi zaka za m'ma 20, nthawi imene ambiri ali ku sekondale kapena ku koleji, ndipo n'kutheka kuti apa ndi pamene panachokera chikhulupiriro chakuti kuwerenga kwambiri kumazunguza mutu. Mudengu lomweli muli matenda a bipolar, amene munthu amatha masabata osagona, akulankhula mosalekeza, akugawa katundu wa m'nyumba ndi kuyambitsa mabizinesi osatheka, kenaka n'kugwa m'chisoni chachikulu chimene chimamulepheretsa ngakhale kudzuka pamphasa. Mulinso kusokonezeka mutu kumene kumagwira mayi mmodzi kapena awiri mwa amayi 1,000 m'masabata oyamba atangobereka. Ndiye pali kubwebweta kobwera chifukwa cha malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi kapena HIV imene yakula m'thupi, kumene kumafuna chipatala tsiku lomwelo chifukwa munthu angathe kufa m'masiku ochepa achibale akukambirana za amene wamulodza. Khunyu si misala, ngakhale kuti odwala khunyu amalandirira mankhwala pa kiliniki imodzi ndi odwala m'maganizo ndipo amasalidwa mofanana.

Chimene chimayambitsa matenda ngati schizophrenia si chinthu chimodzi. Chibadwa chili ndi gawo lake, kotero kuti amene ali ndi kholo kapena mbale wodwala ali pachiopsezo chokulirapo, komabe ana ambiri a makolo odwala sadwala. Kusuta chamba, makamaka munthu akayamba ali wamng'ono ndipo akusuta kwambiri, kumawonjezera chiopsezo, monganso mavuto a pobadwa, nkhanza zimene munthu anakumana nazo ali mwana, ndi zipsinjo zazikulu za moyo. Sapatsirana podyera mbale imodzi, ndipo sabwera chifukwa chakuti munthu ndi wofooka mtima kapena wosapemphera.

Koma kumudzi, ndiponso m'tauni, funso loyamba silikhala lakuti wadwala chiyani. Limakhala lakuti wamuchita ndani, kapena anachita chiyani. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mmene wodwala adzasamalidwire, chifukwa chifundo chathu timachigawa molingana ndi yankho la funso limeneli. Akati walodzedwa chifukwa cha nsanje, mwina popeza anakhoza mayeso kapena anapeza ntchito yabwino, wodwalayo amaonedwa ngati wolakwiridwa, ndipo achibale amasonkha ndalama n'kuyenda naye mtunda wautali. Akati anakakhwimira chuma n'kuphonya zizimba, chifundo chimachepa nthawi yomweyo, pakuti anthu amati wadziputira yekha. Akati ndi chamba, ambiri amasamba m'manja, ndipo ngakhale mnyamata amene sanagwirepo ndudu m'moyo mwake amapatsidwa mlandu umenewu chifukwa chongoti ndi mnyamata ndipo wasokonekera. Akati ndi ziwanda, wodwalayo amasanduka bwalo la nkhondo, ndipo zimene amachitidwa zimatengedwa ngati zikuchitikira chiwandacho osati iyeyo. Anthu awiri odwala matenda amodzimodzi, mudzi umodzi, angathe kukhala moyo wosiyana kotheratu chifukwa cha nkhani imene inamveka sabata yoyamba.

Pali chinthu chinanso chimene sitichitchula kawirikawiri. Nkhani ya kulodzedwa imateteza wodwala ku mlandu, koma mlanduwo sufera m'malere. Umakagwera munthu wina, ndipo nthawi zambiri amakhala gogo wamasiye wa kumapeto kwa mudzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe tamva kambirimbiri za okalamba amene anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa chifukwa choganiziridwa. Nthawi zina gogo woganiziridwayo nayenso amakhala akudwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene amamuyendetsa usiku ndi kumuyankhulitsa zosamveka.

Ine sindiona chifukwa chonyozera banja limene layamba lapita kwa sing'anga kapena kwa abusa. Sing'anga ali pafupi, amamvetsera kwa ola lathunthu, amalola kulipidwa nkhuku kapena kudikira mpaka anthu akolole, ndipo amayankha funso limene chipatala sichiyankha, lakuti n'chifukwa chiyani zagwera mwana wangayu osati wa wina. Kumpoto, gule wa vimbuza, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, amasonkhanitsa mudzi wonse usiku wathunthu mozungulira munthu mmodzi wovutika mumtima, ndipo pali anthu amene amapezadi mpumulo mwa njira imeneyi. Vuto ndi nthawi imene imatayika pa matenda amene ng'oma kapena zitsamba sizingawathe. Madokotala anapeza kuti munthu wa schizophrenia akakhalitsa osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavutirapo. Banja limene latha chaka ndi theka likuzungulira asing'anga atatu limafika kuchipatala mbuzi zitatha, munda utapinyolitsidwa, ndipo mtima wopirira utatheratu. Choipa kwambiri ndi pamene wodwala amene wayamba kupeza bwino auzidwa kuti ataye mapiritsi pofuna kusonyeza chikhulupiriro, kapena akakamizidwa kusala kudya masiku ambiri, kapena akwapulidwa kuti chiwanda chituluke. Alipo atsogoleri a mipingo ndi asing'anga ambiri amene amapempherera kapena kuthandiza munthu kwinaku akumuuza kuti apitenso kuchipatala, ndipo amenewa ndi amene ayenera kugwiridwa nawo ntchito.

Ndili wamng'ono, kuseri kwa nyumba ina ya m'mudzi mwathu kunali mnyamata amene anamangidwa mwendo ndi unyolo wa njinga kumtengo wa mango. Pamene unyolo unkakhudza panali chilonda chimene amayi ake ankachikulunga ndi kansalu ka chitenje kuti chitsulo chisamudye kwambiri. Ankamubweretsera nsima m'mbale yapulasitiki, chifukwa ya dothi anali ataswa, n'kukhala naye chapatali pang'ono mpaka amalize kudya, ndipo mvula ikamabwera ankamumasula n'kukamutsekera m'kachipinda kosungira makasu. Ife ana tinkaona nkhanza yokhayokha kapena choseketsa. Ndinadzamva nditakula kuti mnyamatayo anali atasowapo kawiri, ulendo wina n'kupezeka atamenyedwa kwambiri ndi anthu a mudzi wina amene anamuyesa wakuba, ndipo mayiwo, amene analibe mwamuna, sakanatha kupita kumunda ndi kumulondera nthawi imodzi.

Kumanga munthu wodwala ndi unyolo, linya kapena chingwe ndi kumuphwanyira ufulu, ndipo palibe chifukwa chimene chingakusandutse chinthu chabwino. Miyendo imafota, zilonda zimalowa, munthu amadzithandiza pamalo pomwe akudyera, ndipo mantha amene matendawo amabweretsa amakula chifukwa tsopano anthu akumuchitadi chimene ankachiopa. Bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch linalengeza mu 2020 kuti mchitidwewu ukupezeka m'maiko 60, m'makomo, m'malo opempherera ndi m'zipatala zomwe. Koma amene akufuna kuuthetsa ayenera kuyamba wamvetsa kuti unyolo nthawi zambiri umagulidwa ndi munthu amene amamukonda wodwalayo ndipo wasiyidwa yekha. Kumanga mayi uja kupolisi sikukanamasula mwana wake. Chikanamumasula ndi jekeseni ya mwezi ndi mwezi yopezeka pa chipatala chaching'ono chapafupi, pamodzi ndi munthu wina woti n'kulandizana naye ntchito yolondera.

Mantha a anthu nawonso tiyenera kuwakamba moona mtima. N'zoona kuti munthu amene matenda amukulira, makamaka ngati sakulandira mankhwala ndipo akumwa kachasu kapena kusuta chamba, angathe kuvulaza wina, ndipo amene amavulazidwa kawirikawiri ndi achibale omwe akumusamalira. Koma odwala ambiri savulaza munthu moyo wawo wonse, ndipo kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana amasonyeza kuti iwo ndi amene amachitiridwa nkhanza kwambiri kuposa mmene amazichitira. Nkhani imodzi ya wodwala amene wapha munthu imamveka dziko lonse pa wailesi ndi pa Facebook, pamene za odwala amene agendedwa, kuberedwa kapena kuthiridwa madzi otentha sizituluka m'mudzi.

Kuti timvetse chifukwa chake dzina la mzinda wa Zomba linasanduka chitonzo, mpaka munthu akalankhula zosamveka anzake amati ameneyu ngwa ku Zomba, tiyenera kubwerera m'mbiri. Malo oyamba osungirako odwala misala m'Nyasaland anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo amene ankayang'anira odwalawo anali asilikali a ndende osati anamwino. Cholinga chake sichinali kuchiza, pakuti nthawi imeneyo kunalibe mankhwala ogwira ntchito, koma kuchotsa pagulu anthu amene boma la atsamunda linkawaona ngati osokoneza. Chipatala cha Zomba Mental chimene tikuchidziwa lero chinatsegulidwa mu 1953, ndipo lamulo loyendetsa chisamaliro cha odwalawa, la Mental Treatment Act, linakhazikitsidwa mu 1948 n'kugwira ntchito zaka zoposa 70, likuyang'ana kwambiri za mmene munthu angagwidwire ndi kusungidwa kusiyana ndi za ufulu wake. Choncho m'maganizo a mibadwo itatu kapena inayi ya Amalawi, chisamaliro cha misala chinafanana ndi ukaidi: munthu amatengedwa atamangidwa, mwina pa galimoto ya polisi, kupita kutali kumene achibale sangathe kukamuona, ndipo amabwerako ndi dzina latsopano. Banja la ku Mchinji kapena ku Nsanje limene likuzengereza kupititsa mwana kuchipatala nthawi zina silikukana mankhwala, likungoopa dzinalo.

Lero zinthu zinasinthako. Kumpoto, a St John of God akhala akuthandiza odwala ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ali ndi sukulu yophunzitsa ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo, ndipo anatsegulanso malo ena ku Lilongwe. Ku Blantyre kuli kiliniki pa chipatala cha Queen Elizabeth, sukulu ya ukachenjede ya Kamuzu University of Health Sciences imaphunzitsa madokotala a matendawa, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino kapena makiliniko ofesala amene anaphunzira ntchitoyi. Komabe madokotala akuluakulu a matenda a m'maganizo m'dziko lonse lino ndi owerengeka pa zala za m'manja, ndipo namwino amene anaphunzira za misala nthawi zambiri amapezeka atatumizidwa ku wodi ya amayi oyembekezera kapena ya ana chifukwa kumeneko ndi kumene kukuoneka kuti kwathina. Galimoto yopita kumakiliniki a kumidzi ikasowa mafuta, ulendo wa odwala m'maganizo ndi umene umayamba kulephereka, ndipo palibe amene amachita zionetsero.

Nkhani ya mankhwala ndi yofunika kuimvetsa bwino chifukwa imakhudza mmene anthu amamuonera wodwala. Mankhwala amene amapezeka kwambiri m'zipatala za boma ndi akale, monga chlorpromazine, amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1952, haloperidol, ndi jekeseni ya fluphenazine imene munthu amabayitsa pakapita masabata angapo. Amagwira ntchito ndithu: mawu aja amachepa kapena kuleka, tulo timabwerera, munthu amayambanso kuzindikira abale ake. Koma ali ndi zovuta zake. Amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, kugonetsa masana ndi kuyendetsa munthu mokwekweleza mapazi. Zambiri mwa zimene anthu amaziona n'kunena kuti uyu akuonekeratu kuti mutu sukuyenda bwino ndi zotsatira za mankhwala, ndipo zingathe kuchepa ngati mlingo wasinthidwa kapena wodwala wapatsidwa mapiritsi ena monga benzhexol. Mnyamata amene akufuna kukwatira kapena kupalasa kabaza akaona kuti manja akunjenjemera pagulu amasiya kumwa, ndipo ife timati ndi wosamva.

Aliyense amene anakhalapo pa benchi ya kiliniki yotere tsiku la mankhwala amadziwa mmene zimakhalira. Mayi wachikulire wafika mmamawa ndi mwana wake wamwamuna wa ndevu zake, buku la kuchipatala lili m'kajumbo, ndalama yobwererera yamangidwa pa mfundo ya chitenje. Namwino akufunsa kuti, "Amayi, mwezi uno wagona bwanji?" ndipo mayiwo akuyankha m'malo mwa mwanayo, amene wangozyolika. Kenaka akuuzidwa kuti jekeseni yatha, akagule ku famase kapena adzabwerenso sabata yamawa. Ulendo umodzi wokha wadya ndalama ya ndiwo za sabata yonse, ndipo wachiwiri sutheka. Pakatha miyezi iwiri matenda abwerera, mudzi wonse n'kugwirizana kuti misala sichizika, chonsecho chimene chalephera ndi kagulidwe ndi kagawidwe ka mankhwala.

Gawo limene limandipweteka kwambiri ndi la munthu amene wachira. Ambiri amachira ndithu, ena kotheratu atadwala kamodzi kokha, ena n'kumakhala bwinobwino zaka zambiri akumwa mankhwala monga amachitira wa shuga kapena wa BP. Koma wodwala malungo akachira timaiwala, pamene wodwala misala akachira timamuyang'anitsitsa moyo wake wonse. Akakwiya pa chifukwa chomveka, monga pamene mbale wake walima kupyola malire a munda, anthu amanong'onezana kuti zayambiranso. Akaseka kwambiri pa ukwati, ena amasuntha mpando. Pa bwalo la amfumu umboni wake umapepuka, pogawa chuma cha masiye amadumphidwa ponena kuti angowononga, ku banki m'khonde amakanidwa ngongole, ndipo kuntchito amapatsidwa tchuthi chimene sichitha. Makolo athu anasiya mwambi wakuti wamisala anaona nkhondo, kutichenjeza kuti mawu a munthu wonyozeka angathe kukhala oona, koma mwambiwu timaugwiritsa ntchito pa anthu ena onse kupatula mwini wake amene ukumutchula.

Kusamvedwa kumeneku kumapha. WHO imati anthu odwala matenda aakulu a m'maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga poyerekeza ndi anthu ena, ndipo chimene chimawapha kwambiri ndi matenda wamba a m'thupi monga a mtima, shuga, chifuwa chachikulu ndi ena opatsirana. Munthu amene m'buku lake mwalembedwa za misala akadandaula kuti pachifuwa pakupweteka, pamakhala chiyeso choti wachipatala aganize kuti ndi za m'mutu zomwezo n'kumutumiza ku kiliniki yake osamuyeza.

Chitonzo sichithera pa wodwala yekha. Ankhoswe akamafufuza mbiri ya banja limene mwana wawo akufuna kukwatirako, funso lakuti kodi kumeneko kulibe misala limafunsidwa motsitsa mawu, ndipo yankho lake lathetsa zitomero za alongo ndi abale amene sanadwalepo. N'chifukwa chake mabanja amabisa, ndipo kubisako kumachedwetsa chithandizo. Kwa amayi mtolowu umalemera kawiri. Mwamuna akadwala, mkazi amayembekezeredwa kupirira, koma mkazi akadwala kawirikawiri amabwezedwa kwawo, ndipo mwana amachotsedwa kubere ngakhale pamene mayiyo akanatha kuyamwitsa ndi kulera moyang'aniridwa. Mayi wodwala amene akuyendayenda m'tauni akapezeka ndi pakati, anthu amaseka kapena kupukusa mutu, osafunsa kuti mwamuna wa mutu wabwinobwino amene anamugwirira ali kuti. Palinso bodza lakuti kugona ndi mkazi wamisala ndi chizimba cha chuma, ndipo bodzali lavulaza amayi ambiri amene sangathe kukadandaula kupolisi n'kukhulupiriridwa.

M'masewero a pa wailesi ndi pa kanema, wamisala amalowa kuti anthu aseke, atavala ziguduli ndi kapu ya chitini, ndipo pa misonkhano ya ndale wotsutsana naye amanenedwa kuti akayezedwe mutu. Malamulo nawo akhala ndi mbali yawo, pakuti kwa zaka zambiri gawo 229 la malamulo a milandu lakhala likunena kuti kuyesa kudzipha ndi mlandu, zimene zikutanthauza kuti munthu amene chisoni chamufikitsa pamapeto angathe kudzuka m'chipatala n'kupeza wapolisi akumudikira m'malo mwa mlangizi.

Ena amati yankho ndi kumanga zipatala zina zazikulu kuti onse oyendayenda akasungidwe, pamene ena amati zipatala zotere zitsekedwe ndipo odwala abwerere kwawo. Zimene zinachitika m'maiko awiri a mu Africa muno zimatiphunzitsa kusamala ndi mayankho onse awiriwa. Ku Nigeria, mu 1954, dokotala Thomas Adeoye Lambo anayambitsa njira ya m'midzi ya Aro pafupi ndi mzinda wa Abeokuta, imene odwala ankakhala m'nyumba za anthu wamba, aliyense ali ndi wachibale womuperekeza, n'kumalandira chithandizo masana kuchipatala, ndipo asing'anga ena ankagwira nawo ntchito. Anasonyeza kuti munthu wodwala kwambiri angathe kuchizidwa osamuchotsa pakati pa anthu. Koma ku South Africa, mu 2016, boma la chigawo cha Gauteng linasamutsa mofulumira odwala oposa 1,000 kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita kumabungwe ang'onoang'ono amene ambiri analibe ziphaso zoyenera, chakudya chokwanira kapena anamwino, pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo anthu 144 anamwalira, ena ndi njala ndi ludzu. Kubweza odwala kumudzi popanda mankhwala, ndalama ndi anthu owayendera ndi kungotula katundu wa boma pamutu pa mayi wokalamba uja.

Dziko la Malawi linavomereza mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene limaphatikizapo odwala m'maganizo ndipo limati munthu ali ndi ufulu wokhala pakati pa anzake ndi kutenga nawo mbali pa zisankho zokhudza moyo wake. Njira yofikira pamenepo ikudziwika ndipo si yodula kwambiri. Kuyambira mu 2008 WHO yakhala ikulimbikitsa ndondomeko ya mhGAP, yophunzitsa anamwino ndi madokotala a m'zipatala zing'onozing'ono kuzindikira ndi kuchiza matendawa pamalo pomwepo. M'boma la Zomba alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene timawadziwa ndi sikelo ya ana ndi katemera, anaphunzitsidwapo kuzindikira odwala m'maganizo ndi kuyendera mabanja awo. Mlangizi wotere, amene amadziwa khomo lililonse, ndi amene angaone msanga kuti wina wadumpha jekeseni, n'kufika wodwalayo asanafike pogulitsa njinga ya bambo ake kapena kusowa.

Pa nkhani yosintha mitima ya anthu, zikwangwani ndi maulendo a pa 10 Okutobala, tsiku loganizira za umoyo wa m'maganizo padziko lonse, zili ndi malo ake, koma kafukufuku amasonyeza kuti chimene chimachepetsa tsankho kwambiri ndi kukumana maso ndi maso ndi munthu amene anadwala, akulankhula yekha za moyo wake. Iyi ndi ntchito imene bungwe la odwala ndi owasamalira la MeHUCA limagwira kudzera m'magulu ake, mmene anthu amene anagonapo m'wodi amakumbutsana za mankhwala, kuchita mabizinesi ang'onoang'ono ndi kulankhula pa misonkhano. Kuima pamaso pa mudzi n'kunena kuti ndinadwala misala ndipo ndikumwabe mankhwala kumafuna kulimba mtima kwakukulu, chifukwa wolankhulayo amadziwa kuti mawa lake makasitomala ena sadzabweranso pa okala yake, ndipo mwina apongozi a mlongo wake amva. Amene amachita zimenezi amafunika kuti amfumu, abusa kapena shehe akhale pambali pawo tsiku limenelo, awatchule dzina lawo lenileni powaitana kuti alankhule, ndipo msonkhano ukatha awapatse ntchito yooneka, kaya kusunga makiyi a mjigo kapena kulemba maina pa chitukuko cha mudzi.